Moyo wa Papa Yohane Paulo Woyamba, Mwana wa Mmphawi Amene Adaweta Eklezia Masiku 33

Pa chaka chino cha Jubile tili kutchula maina a ansembe, asisitere ndi aphunzitsi amene adaswa mphanje m'munda uno wa Ambuye. Nkoyenera kuti tikumbukirenso Apapa amene adaweta Mpingo wonse m'zaka zomwezo. Ena mwa iwo adakhala pa mpando wa Petro Woyera zaka zambiri, ndipo mbiri yao idawanda ponseponse. Koma alipo mmodzi amene adakhalapo masiku 33 okha. Achikulire athu amene adamva pa wailesi za kusankhidwa kwake m'mwezi wa Ogasiti 1978 adamvanso za maliro ake mvula yoyamba isanagwe. Ameneyu ndiye Albino Luciani, Papa Yohane Paulo Woyamba. Talemba moyo wake pano makamaka chifukwa cha inu aphunzitsi a katekisimu, pakuti ntchito yanuyo ndiyo ntchito imene iye adaikonda koposa zonse.

1. Kubadwa ndi ubwana wake

Kumpoto kwa dziko la Italy kuli mapiri aatali otchedwa Dolomites, kumene chisanu chimakwirira minda miyezi yambiri. M'chigwa china cha mapiriwo muli mudzi umene kale unkatchedwa Forno di Canale, koma lero ndi Canale d'Agordo. Kumeneko ndiko kudabadwira Albino pa 17 Okotobala 1912. Adabadwa wofooka kwambiri, kotero kuti mzamba, poopa kuti mwanayo angafe wosabatizidwa, adamthira madzi a Ubatizo m'nyumba momwemo. Atapita masiku awiri adamtengera kutchalitchi kukatsiriza miyambo yotsala.

Atate ake, Giovanni Luciani, adali mmisiri womanga nyumba. Popeza m'chigwamo munalibe ntchito, ankachoka chaka ndi chaka kukafuna ndalama ku Germany, ku Switzerland ndi ku France, monga momwe makolo athu ambiri ankapitira ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni. Amai ake, Bortola Tancon, ndiwo ankatsala ndi ana, nawaphunzitsa mapemphero ndi katekisimu pamene ankagwira ntchito za pakhomo. M'mera mpoyamba: mphunzitsi woyamba wa Papa ameneyu adali mai wosauka wa kumudzi.

Chakudya chao cha masiku onse chidali phala louma la ufa wa chimanga, lofanana ndi nsima yathu. Pa nthawi ya Nkhondo Yaikulu Yoyamba, m'zaka za 1917 ndi 1918, asilikali a adani adalowa m'dera lao nalanda zakudya, ndipo kudagwa njala yoopsa. Albino adali ndi zaka zisanu. Njala imeneyo sadaiiwale mpaka kufa, ndipo ali Papa adaulula poyera kuti iye adaidziwa njala ndi mimba yake yomwe.

Bambo mfumu wa mudziwo, Filippo Carli, adaona kuti mnyamatayo ngwanzeru ndi wokonda kuwerenga, namthandiza ndi mabuku. Atakwana zaka 11, Albino adafuna kupita kuseminale. Koma padali chopinga: atate ake adali a chipani cha anthu antchito chimene sichinkagwirizana ndi ansembe, ndipo pa nthawiyo adali kutali kuntchito. Mnyamatayo adawalembera kalata yopempha chilolezo, nadikira ndi mtima wa phaphapha. Yankho lidabwera lomlola, koma lomlangiza kuti akadzakhala wansembe adzaime pamodzi ndi amphawi ndi anthu antchito, pakuti Kristu mwini adaima nao. Albino adaisunga kalatayo, ndipo moyo wake wonse udali kutsata malangizo amenewo.

2. Unsembe ndi ntchito ya katekisimu

M'chaka cha 1923 adalowa m'seminale yaing'ono ya ku Feltre, ndipo m'chaka cha 1928 adapitirira kuseminale yaikulu ya ku Belluno. Adadzozedwa unsembe pa 7 Julayi 1935, ali ndi zaka 22. Poyamba Bambo Luciani adatumikira kwao komwe, pambuyo pake ku Agordo, kumene ankaphunzitsa za Mulungu anyamata ophunzira ntchito ya migodi. M'chaka cha 1937 adaitanidwa kuseminale ya ku Belluno kukakhala wachiwiri kwa mkulu wa seminale, ndipo adaphunzitsa kumeneko zaka zambiri. Ali pa ntchito yomweyo adapitiriza maphunziro ao, nalandira digiri ya udokotala wa maphunziro a za Mulungu ku yunivesite ya Gregoriana ku Roma m'chaka cha 1947. Thupi lao lidali lodwaladwala, makamaka m'mapapo, ndipo adagonekedwa m'chipatala kangapo. Nchifukwa chake ankadziwa kulankhula ndi odwala mosawalemetsa.

Episkopi adawaika kuti ayang'anire ntchito ya katekisimu m'dayosizi monse. Pa ntchito imeneyi adalemba kabuku ka aphunzitsi m'chaka cha 1949, kotchedwa Catechetica in briciole, ndiye kuti maphunziro a katekisimu onyemanyema ngati nyenyeswa za buledi. Dzina lomwelo likuonetsa nzeru yao: mwana sangameze mtanda wathunthu, koma amadya mbamu zing'onozing'ono. M'kabukumo adalangiza kuti mphunzitsi akonzekere bwino asanaime pamaso pa ana, alankhule mau amene ana angamve, afotokoze ndi nthano ndi zitsanzo, awakonde ana ndi kuwapirira, ndiponso makhalidwe ake asatsutsane ndi zimene pakamwa pake panena. M'chaka cha 1954 adakhala wachiwiri kwa Episkopi wa Belluno.

3. Episkopi wa Vittorio Veneto

Papa Yohane XXIII adawasankha kukhala Episkopi wa Vittorio Veneto, nawadzoza yekha m'tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma pa 27 Disembala 1958. Pa chizindikiro chao cha uepiskopi Ambuye Luciani adalemba liu limodzi lokha la Chilatini, Humilitas, ndiko kudzichepetsa, potsata Karolo Borromeo Woyera. Adaulula kuti sadalisankhe liulo chifukwa adali atafika kale pa kudzichepetsa, koma kuti liziwakumbutsa chimene ayenera kulimbikira.

Mayeso sadachedwe. M'chaka cha 1962 kudamveka kuti ansembe awiri a m'dayosizi mwao adalowa m'malonda achinyengo, ndipo ndalama zambiri za anthu wamba zidatayika. Episkopi wina akadabisa manyaziwo. Koma Ambuye Luciani adalembera Akristu onse kalata yowauza zoona, nagulitsa katundu wa dayosizi kuti abwezere amene adaberedwa. Kwa iwo kudali bwino kuti dayosizi isauke kusiyana ndi kuti mmphawi alire chifukwa cha wansembe.

Kufatsa kwao sikudali kufooka ai. M'mudzi wa Montaner, atamwalira bambo mfumu wokondedwa kumapeto kwa 1966, anthu adafuna kudzisankhira okha womlowa m'malo, nakana wansembe amene Episkopi adatumiza, mpaka kutseka zitseko za tchalitchi. Atayesa kuwanyengerera miyezi yambiri osapindula, m'chaka cha 1967 Ambuye Luciani adapita okha, nachotsa Sakramenti Loyera m'tchalitchimo, naletsa mapemphero kufikira anthu atamvera. Ena adabwerera, koma ena adapatuka nalowa mpingo wa Orthodox. Nkhani imeneyi idawapweteka mtima, ndipo ikutichenjeza kuti mkangano wa pa parishi ungathe kung'amba mudzi kwa mibadwo.

Adakhala nao pa zigawo zonse zinai za Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, kuyambira 1962 mpaka 1965. Sadadzionetse ndi zolankhula zambiri, koma adamvetsera naphunzira, ndipo sadachite manyazi kuvomera kuti pa nkhani ya ufulu wa chipembedzo Msonkhano udawasintha maganizo. Atabwerera kwao adafotokozera ansembe ndi Akristu zimene zidagwirizanidwa, nayambitsa Misa m'chilankhulo cha anthu monga Msonkhano udalolera.

Dziko lathu la Africa adaliponda ndi mapazi ao. Dayosizi yao idatumiza ansembe ku Burundi, ndipo m'chaka cha 1966 Ambuye Luciani adapita kukawayendera. Adaona ndi maso ao matchalitchi a kumidzi odzaza ndi anthu, ansembe ochepa, ndi aphunzitsi amene adasenza katundu wa mipingo yakutali.

Pa nkhani yovuta ya kulera m'banja, iwo ankamvera chisoni mabanja osauka a ana ambiri, ndipo ankayembekeza kuti lamulo lingafewetsedwe. Koma Papa Paulo VI atalemba kalata yake ya Humanae Vitae m'chaka cha 1968, Ambuye Luciani adailandira, naiphunzitsa mokhulupirika, koma osatonza ofooka.

4. Ku Venice

Pa 15 Disembala 1969 Papa Paulo VI adawasankha kukhala Patriyaka wa Venice, mzinda womangidwa pa zilumba, kumene ngalande zamadzi ndizo misewu ndipo mabwato ndiwo magalimoto. Adalowa mumzindamo mu Febuluwale 1970. Ulemu wa udindowo ngwaukulu, koma iwo ankayenda atavala mkanjo wakuda ngati wansembe wamba, kotero kuti alendo sankawazindikira. Pa msonkhano wa Aepiskopi ku Roma m'chaka cha 1971 adapempha kuti madayosizi olemera azipatula gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chao chaka ndi chaka kupereka ku mipingo ya m'maiko osauka, ndipo adati imeneyo isayesedwe mphatso koma ngongole. M'chaka cha 1976 adagulitsa mtanda wagolide wa pachifuwa pofuna kuthandiza ana olumala, nalimbikitsa ansembe kugulitsa zodzikongoletsera zosafunika.

Pa 16 Sepitembala 1972 Papa Paulo VI adacheza ku Venice. Pa bwalo la Marko Woyera, pamaso pa khamu lalikulu, Papa adavula stola yake naiika pa mapewa a Patriyaka. Ambuye Luciani adagwidwa ndi manyazi aakulu mpaka nkhope idafiira. Pambuyo pake anthu adakumbukira tsikulo ngati chizindikiro. Pa 5 Malichi 1973 adakwezedwa kukhala Kadinala.

Ngakhale adali Kadinala, sadaleke uphunzitsi. Mwezi ndi mwezi ankalemba m'nyuzipepala ya Akristu makalata opita kwa anthu otchuka akale, ena oyera, ena olemba mabuku monga Charles Dickens ndi Mark Twain, ena a m'nthano chabe monga kachidole kotchedwa Pinocchio, ndipo kalata yotsiriza idali ya kwa Yesu. Imeneyi idali njira yophunzitsira chikhulupiriro anthu amene sakadawerenga ulaliki. Makalata 40 adasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Illustrissimi m'chaka cha 1976.

5. Masiku 33

Papa Paulo VI adamwalira pa 6 Ogasiti 1978. Makadinala 111 adatsekeredwa m'nyumba yosankhira Papa pa 25 Ogasiti. Pakati pao padali ana a Africa, monga Laurean Rugambwa wa ku Tanzania, Maurice Otunga wa ku Kenya ndi Bernardin Gantin wa ku Benin. M'mawa mwake, pa 26 Ogasiti, pa kuponya kwachinai, mavoti adagwera Kadinala Luciani, ali ndi zaka 65. Anthu a pabwalo adasokonezeka poyamba chifukwa utsi udatuluka wotuwa, wosadziwika ngati ngwoyera kapena wakuda. Koma Papa watsopano ataonekera pakhonde akumwetulira, khamu lonse lidawakonda nthawi yomweyo, ndipo mpaka lero amatchedwa Papa wa kumwetulira.

Adatenga maina awiri pamodzi, chinthu chimene Papa wina aliyense adali asanachitepo: Yohane, pokumbukira amene adawadzoza uepiskopi, ndi Paulo, pokumbukira amene adawapatsa ukadinala. Adauza anthu kuti alibe nzeru ya mumtima ya Yohane kapena maphunziro a Paulo, koma popeza aikidwa pa malo ao, anthu awathandize ndi mapemphero. Adalonjeza kupitiriza ntchito ya Msonkhano wa ku Vatican, kulalika Mthenga Wabwino, kufunafuna umodzi wa Akristu ndi mtendere wa maiko.

Kwa zaka mazana ambiri Papa watsopano ankavekedwa chisoti chaufumu cha magawo atatu. Iwo adachikana. Pa 3 Sepitembala adayamba utumiki wao ndi Misa, nalandira pa mapewa lamba wa ubweya wa nkhosa, chizindikiro cha mbusa. Polankhula adaleka kudzitchula ndi liu laulemu la mafumu, namadzitchula monga munthu aliyense. Mpando wonyamulidwa pa mapewa ngati machila adaukananso poyamba, koma adaulola atamva kuti anthu a kumbuyo akudandaula kuti sakuwaona.

Adakhala ndi misonkhano inai yokha ya Lachitatu yophunzitsa anthu, ndipo inai yonseyo idali maphunziro a katekisimu: pa 6 Sepitembala za kudzichepetsa, pa 13 za chikhulupiriro, pa 20 za chiyembekezo, ndi pa 27 za chikondi. Ankasiya pepala nalankhula za mumtima, ndi nthano ndi zoseketsa. Kawiri adaitana mwana kutsogolo namfunsa mafunso, monga mumachitira inu pansi pa mtengo wa mango. Pa 10 Sepitembala, popempherera atsogoleri a Egypt, Israel ndi America amene ankakambirana za mtendere ku Camp David, adaphunzitsa kuti Mulungu ndi Atate, komanso amatikonda ndi chikondi cha mai amene saiwala mwana wake wodwala. Anthu ena ophunzira adang'ung'udza kuti kalankhulidwe kotere nkosayenera Papa, koma anthu wamba adamva, nasunga.

Imfa idadutsa pafupi nao masiku oyamba omwe. Pa 5 Sepitembala, Nikodim, Episkopi wamkulu wa mpingo wa Orthodox wa ku Leningrad, adagwa nafa pamaso pao ali kucheza, ndipo Papa adampempherera pomwepo.

6. Imfa yao

Madzulo a pa 28 Sepitembala adamva kupweteka m'chifuwa, koma sadafune kuvutitsa dokotala. Atadya adalankhula pa lamya ndi Kadinala wa ku Milan, nakagona. M'mamawa pa 29 Sepitembala, Sisitere Vincenza Taffarel, amene adawatumikira zaka zambiri, adaona kuti khofi amene adaika pakhomo sadamwedwe. Adalowa pamodzi ndi sisitere mnzake, napeza Papa atatsamira pabedi, nyale ikuyaka, magalasi ali kumaso, mapepala ali m'manja, mzimu utachoka kale. Dokotala adati adafa ndi nthenda ya mtima usiku womwewo.

Apa padachitika cholakwa chimene tiyenera kuphunzirapo. Akuluakulu ena, poganiza kuti nkosayenera kunena kuti munthu wamkazi ndiye adalowa m'chipinda cha Papa, adalengeza kuti mlembi wao ndiye adawapeza. Zoona zitadziwika, anthu adayamba kukayika zonse, ndipo popeza mtembo sudapimidwe, mphekesera zidawanda kuti Papa adaphedwa. Ena adalemba mabuku nagulitsa. Koma pamene Eklezia adafufuza moyo wao, umboni wa madokotala ndi wa sisitere amene adaliko udasonkhanitsidwa, nusindikizidwa m'chaka cha 2017, ndipo udaonetsa kuti idali imfa ya matenda. Taonani, kabodza kakang'ono konenedwa pofuna kusunga ulemu kadabala mabodza aakulu a zaka 40.

Maliro adachitika pa 4 Okotobala pa bwalo la Petro Woyera, mvula ikugwa, ndipo adaikidwa m'manda a Apapa kunsi kwa tchalitchi.

7. Zimene adasiya

Wina angafunse kuti munthu angasiye chiyani m'masiku 33. Sadalembe kalata yaikulu ya chiphunzitso, sadasankhe Kadinala, sadayende ulendo wakunja. Komabe kuyambira pa iwo palibe Papa amene adavekedwanso chisoti chaufumu, ndipo atapita iwo palibe amene adakweranso mpando wa machila uja. Pa 16 Okotobala 1978 Makadinala adasankha Karol Wojtyła wa ku Poland, Papa woyamba wosakhala Mtaliyana patapita zaka 455, ndipo iye adatenga dzina la Yohane Paulo Wachiwiri polemekeza amene adamtsogolera. Choncho pamene Akristu a ku Zambia ndi a kuno ku Malawi adalandira Papa m'mwezi wa Meyi 1989, dzina limene ankafuula lidali dzina loyambitsidwa ndi mwana wa mmisiri uja wa ku Canale.

Kufufuza za kuyera kwa moyo wao kudatsegulidwa ku Belluno m'chaka cha 2003, ndipo Papa Benedikto XVI, atapuma pa udindo, adaperekako umboni wake. M'chaka cha 2011, ku Buenos Aires m'dziko la Argentina, mtsikana wa zaka 11 adali pafupi kufa ndi nthenda ya muubongo, madokotala atataya mtima. Wansembe wina adalimbikitsa amai ake kupempha thandizo la Papa Luciani, ndipo mwanayo adachira. Eklezia atafufuza adavomereza chozizwitsachi m'chaka cha 2021, ndipo pa 4 Sepitembala 2022 Papa Fransisko adalengeza kuti Yohane Paulo Woyamba ndi Wodala. Tsiku lowakumbukira ndi 26 Ogasiti.

Tsono inu aphunzitsi, amene mumapalasa njinga kupita ku mipingo yakutali popanda wokuyamikani, musayese ntchito yanu yaing'ono. Munthu amene adafika pa mpando wa Petro sadapeze ntchito ina yoposa kuphunzitsa katekisimu, ndipo adaichita mpaka tsiku lotsatana ndi imfa yake. Konzekerani phunziro lanu, nyemani mau kuti ana ameze, ndipo moyo wanu usatsutse pakamwa panu. Inu makolo, kumbukirani mai uja wophunzitsa ana mapemphero pa ntchito, ndi bambo uja amene sadatsekereze mwana wake njira ya unsembe. Inu osunga chuma cha mpingo, kumbukirani Episkopi amene adasankha kusauka kusiyana ndi kubisa choipa. Ndipo ife tonse, amene sitidziwa ngati tidzaona Jubile ina, tigwire ntchito ya lero ndi mtima wonse, pakuti Mulungu adzatifunsa za kukhulupirika kwathu, ngakhale masiku atakhala ochepa. Pa 26 Ogasiti chaka ndi chaka, mipingo yonse ya mishoni yathu ikumbukire Wodala Yohane Paulo Woyamba, ndi kupempha kuti atipempherere kwa Mulungu, ife pamodzi ndi ana athu.